Ana ophunzira pakhomo akufuna kukwera sitima: mtengo wa gulu mungaupemphe, koma musayambire ku Livingstone

Funso: Ndife mabanja asanu ndi awiri a ku Chilenje, Kabwata ndi Chelston mu Lusaka amene timaphunzitsa ana athu kunyumba. Ana onse pamodzi alipo 16, wamng'ono ali ndi zaka 5, wamkulu 13, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo sitima. Tinamva kuti anthu oyenda pagulu amawatsitsira mtengo. Kodi ifenso, popeza tilibe sukulu yodziwika, angatitsitsire? Tikufuna kupita ku Livingstone kukaona mathithi. Tiyambire pati? (Mayi wa ku Chilenje)

Mayi, ndaphunzitsa jogalafe zaka zambiri, ndipo ndinatsogolerapo ana pa maulendo a basi ndi a sitima omwe, choncho funso lanu landikhudza. Pemphani ndithu, mpata muli nawo, mwina woposa wa sukulu zambiri. Koma ulendo woyamba usakhale wa ku Livingstone, ndipo ndifotokoza chifukwa chake tikatha za ndalama.

Anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti mtengo amatsitsira pa windo la matikiti. Amafika m'mawa wa tsiku la ulendo, ana ali pambuyo ndi zikwama, n'kuyamba kunenerera ngati ali pa msika wa Soweto akugula tomato. Kalaliki wa pa windo amagulitsa pa mtengo umene anamulembera, alibe mphamvu yochotsapo ngakhale ngwee imodzi, ndipo mukamuumiriza mumangomuvutitsa. Mphamvuyo ili ndi akuluakulu oyang'anira za apaulendo, ndipo iwo amayankha kalata. Likulu la Zambia Railways lili ku Kabwe, koma inu yambirani pano pomwe. Pitani awiri ku siteshoni ya Lusaka, mu msewu wa Dedan Kimathi pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity, tsiku la m'kati mwa sabata lopanda piringupiringu. Pemphani kuonana ndi mkulu wa siteshoni kapena amene amaona za apaulendo, ndipo mumufunse kuti kalata yanu ilembedwe kwa yani. Chitani zimenezi kudakali mwezi wathunthu, ngati n'kotheka masabata asanu ndi limodzi.

Pokambirana, dziwani kuti pali zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza pamodzi pomwe ndi zosiyana. Pali mtengo wa ana, umene umayendera zaka za mwana, ndipo uwu sufuna kuti mwana akhale pa sukulu iliyonse. Pali mtengo wa ana a sukulu, umene kawirikawiri umafuna chitupa cha sukulu kapena kalata ya ahedi yokhala ndi chidindo. Ndiye pali mtengo wa gulu, umene umayendera kuchuluka kwa mipando imene mukugula nthawi imodzi. Funsani chilichonse pachokha. Vuto lanu lili pa chachiwiricho, chifukwa ana anu alibe yunifolomu, alibe ahedi, alibe chidindo. Munthu wa mu ofesi sakukanani chifukwa chodana ndi maphunziro a pakhomo ayi. Iye amafuna pepala loti akaonetse kwa bwana wake akafunsidwa kuti anthu awa munawatsitsira chifukwa chiyani. Ntchito yanu ndi kumupatsa pepalalo.

Ndiye patsani gulu lanu dzina, sankhani wapampando ndi msungichuma, ndipo lembani kalata yaifupi ya tsamba limodzi. Nenani kuti ndinu makolo ophunzitsa ana kunyumba, kuti ulendowu ndi wa maphunziro, mukufuna kukwerera pati ndi kutsikira pati, masiku awiri kapena atatu amene mungathe kuyenda, ana angati ndi akuluakulu angati. Kumbuyo kwake mangirirani mndandanda wa mayina ndi zaka za ana, makope a zikalata za kubadwa kapena makhadi a ku sikelo, ndi ma NRC (zitupa za unzika) a atsogoleri awiri. Ngati ana ena analembetsedwa ku sukulu yophunzitsa patali, kapena ku malo amene adzalembere mayeso, pemphani kalata kumeneko. Ngati mumakumana pa tchalitchi kapena pa mzikiti, kalata ya abusa kapena ashehe yochitira umboni kuti gulu ili amalidziwa imathandizanso. Chimodzi chokha ndikupempheni: musadzitche sukulu pomwe si sukulu. Zikadziwika, mudzatsekera khomo mabanja onse obwera pambuyo panu.

Tsono mpata wanu waukulu ndi uwu. Sitima imadzaza pa nthawi ya tchuthi, mu Epulo, Ogasiti ndi Disembala, pamene ana a ku boarding akubwerera kwawo ndipo mabanja akupita kumudzi. Pa nthawi imeneyo palibe chifukwa choti aliyense akutsitsireni, popeza mpando uliwonse uli ndi mwini wake kale. Inu simumangidwa ndi kalendala ya sukulu. Mungayende pakati pa teremu, mipando ili yopanda anthu, ndipo mpando wopanda munthu ndi ndalama yotayika kwa kampani. Lembani zimenezi m'kalata momveka bwino, kuti ndinu okonzeka kuyenda tsiku limene iwo akuona kuti anthu ndi ochepa. Mawu amenewo ndi olemera kuposa kupempha chifundo.

Ndinene chilungamo, ndalama imene mungapulumutse siyikhala yaikulu monga mukuyembekezera, chifukwa tikiti ya sitima ndi yotsika kale poyerekeza ndi ya basi. Tingoyerekeza kuti tikiti ndi K100 ndipo akuchotserani K20 pa munthu aliyense. Pa anthu 23, ndiye kuti ana 16 ndi kholo limodzi la banja lililonse, mwapulumutsa K460. Ndi ndalama ndithu, koma minibasi yobwererera ndi chakudya zidzadya zoposa pamenepo. N'chifukwa chake ine ndikamakambirana sindilimbikira kwambiri pa kutsitsa. Ndimalimbikira kuti atisungire malo mu bogi imodzi, tonse tikhale pamodzi. Ana 16 omwazikana m'mabogi atatu si ulendo wa maphunziro, ndi tsiku lathunthu lowerenga mitu mtima uli m'mwamba. Akakupatsani zosankha ziwiri, kutsitsa mtengo kapena kukhala pamodzi, tengani kukhala pamodzi. Funsaninso kuti ngati sitima siyenda tsikulo, ndalama adzabweza kapena adzasintha tsiku. Yankho lililonse likhale lolembedwa, ndipo polipira tengani lisiti yokhala ndi chidindo. Ndalama za mabanja sonkhanitsani kwa msungichuma kusanafike tsiku logula, kaya pa mobile money kaya pamanja, monga mumachitira pa chilimba. Amene sanapereke pofika tsiku limene munapangana, dzina lake lisalowe pa mndandanda. Zikumveka zouma mtima, koma magulu ambiri amasweka pa nkhani ya "ndikupatsani mawa".

Tsopano za Livingstone. Kuchokera pano ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 470. Basi imatenga gawo lalikulu la usana, ndipo sitima imatenga kuwirikiza kawiri kapena kuposa, mbali ina muli mu mdima, pamene ana saona kanthu pa windo. Sikuti oyendetsa ndi aulesi. Njanjiyi ndi yakale, ndipo pamene yatopa sitima imayenera kuyenda pang'onopang'ono kuti isagwe. Ndi njanji imodzi yokha, choncho sitima ziwiri zikakumana, ina imapatuka n'kudikira inzake idutse, ndipo njanji yomweyo ndi imene sitima za katundu zimadutsamo. Kuyambira 2003 njanjiyi inali m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia, mpaka boma la a Michael Sata linaitenganso mu 2012, ndipo ntchito yoikonza ndi yaikulu, yofuna ndalama zambiri. Onjezani ichi, chimene anthu a mu Lusaka amaiwala: sitima ya anthu siyambira pano. Imayenda pakati pa Livingstone ndi Kitwe, ife tili pakati, ndiye kuchedwa kulikonse kwa m'njira kumatipeza titakhala pa siteshoni. Siyendanso tsiku lililonse, choncho kupita ndi kubwerera pa sitima tsiku limodzi musakuwerengere. Mwana wa zaka 5 amene sanakwerepo sitima adzakondwa maola atatu oyamba. Ola la khumi adzakhala akulira, ndipo chimene adzakumbukira ndi kulirako.

Ine ndikanakhala inu ndikanakwera pano n'kutsika pa Mazabuka, minibasi yobwereka ikudikira kumeneko. Kafue ali pafupi, makilomita 45 kapena kuposa pang'ono, ndipo ambiri amasankha kumeneko. Koma mukatsika pa Kafue mwatsika phunziro lisanayambe, chifukwa ulalo wa sitima wa pa mtsinje wa Kafue uli kutsogolo, mukangopitirira tauni. Ulalo umenewu unamangidwa mu 1906, ndi wautali mamita 427, ndipo uli ndi zigawo 13 zachitsulo zokhala pa zipilala. Sindidzaiwala kamtsikana kena ka zaka 9 kamene ndinayenda nako. Njira yonse kanali kachete, kope lili pa maondo, pensulo ili kukamwa. Titalowa pa ulalo phokoso la mawilo linasintha, linayamba kulira mokweza ngati ng'oma yopanda kanthu m'kati, ndipo pansi panaoneka madzi ndi bwato la msodzi. Mwanayo anaimirira, chala pa galasi, kuwerenga zitsulo zikudutsa. Tili kutsidya anatembenuka n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, chifukwa chiyani sanangoika chitsulo chimodzi chachitali?" Funso limenelo linatitengera sabata yathunthu titabwerera, tikuyesa ndi timitengo ndi njerwa kuti thabwa lalitali limapindika pati, ndipo chipilala chimathandiza chiyani.

Mukaoloka, njanji imatsata m'mphepete mwa chigwa cha Kafue, dambo lalikulu limene limasefukira madzi nyengo ya mvula, kudutsa Nega Nega, mpaka minda ya nzimbe ya Nakambala iyamba kuoneka. Apa pali mafunso okwanira mwezi. Nzimbe zimafuna madzi ochuluka, nanga madziwo akuchokera kuti? Shuga amene ali pa tebulo panu anayenda njira iti? Chinenero nachonso chimasintha pa windo pomwe: amayi ogulitsa nthochi ndi chimanga chowotcha pa masiteshoni a kumeneko amalankhula Chitonga. Phunzitsani ana kupereka moni wa m'mawa woti "Mwabuka buti" musananyamuke, muone mmene nkhope za ogulitsa zidzawalire.

Chokoma kwambiri pa ulendo wa Mazabuka ndi pobwerera. Msewu umakwera mapiri a Munali, pamene David Livingstone anaonera mtsinje wa Kafue mu 1855, pomwe sitima inawazungulira mapiriwo kudzera ku chigwa. Musawauze ana chifukwa chake. Afunseni. Wina adzanena kuti sitima ndi yolemera, ndipo ali pafupi. Wilo lachitsulo pa njanji yachitsulo siligwira kwambiri ngati tayala pa tara. Ndicho chifukwa chake mutu umodzi wa sitima umakoka mabogi ambirimbiri pa malo osalala, ndipo ndicho chifukwa chakenso sitima singakwere chitunda chachikulu, mawilo amangoterereka. Chifukwa chomwecho sitima singaime msangamsanga ngati galimoto, ndipo mwana amene wamvetsa zimenezi sadzathamangiranso kuoloka njanji sitima ikubwera. Mwana amene wapita pa njanji n'kubwerera pa msewu tsiku limodzi waona mapu awiri a dziko limodzi.

Phunziro liyambe kunyumba, sabata imodzi ulendo usanafike. Mzinda umene tikukhalawu ndi mwana wa njanji. Njanji inafika pa mathithi mu 1904, ulalo wa pa Zambezi unatha mu 1905, ndipo omanga ankaika malo opatukira sitima pa mamailosi 20 aliwonse, pafupifupi makilomita 32. Amodzi mwa malo amenewo anagwera pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka mu 1905, ndipo dzina linachokera pamenepo. Likulu la dziko linasamukira kuno kuchokera ku Livingstone mu 1935. Tengani mapu, ana aone okha kuti Kalomo, Choma, Monze, Mazabuka, Kafue, Lusaka, Kabwe, Kapiri Mposhi ndi Ndola zili pa mzere umodzi ngati mikanda pa ulusi, ndipo Cairo Road imayenda moyandikana ndi njanji. Inu a ku Chilenje muli ndi mwayi winanso: m'zaka za m'ma 1990 kunali sitima ya Njanji yonyamula anthu pakati pa Chilenje ndi George. Pezani agogo amene ankaikwera popita kuntchito, adzawafotokozere ana, ndipo ana alembe zimene amva. Dulaninso chingwe cha mamilimita 1,067, ndiko kutalikirana kwa zitsulo ziwiri za njanji yathu, muchiyale pansi m'chipinda chochezera. Ana amadabwa kuona kuti chinthu chachikulu chonchija chimayenda pa kampata kakang'ono chotero. Kuyeza pa njanji yeniyeni ayi, mwana asapondepo n'komwe.

M'sitimamo musawapatse mapepala a mafunso makumi awiri. Kope limodzi ndi pensulo n'zokwanira. Akuluakuluwo alembe nthawi imene sitima yanyamuka ndi imene yafika pa siteshoni iliyonse, kuti kunyumba adzawerengere liwiro lake ndi kuliyerekeza ndi la minibasi. Ang'onoang'ono ajambule chimene aona, kapena awerenge ng'ombe. Kukachitika kuti sitima yaima pathengo kudikira inzake, musadandaule pamaso pa ana. Auzeni aone mbali imene inayo itulukire, awerenge mabogi ake, aganize kuti yanyamula chiyani. Kondakitala akakhala ndi mpata, mupempheni mwaulemu ayankhe mafunso awiri atatu. Anthu a pa njanji ambiri amaikonda ntchito yawo ndipo sakhala ndi wowafunsa.

Kumpoto kulinso ulendo wabwino, wa ku Kabwe, kudzera Ngwerere ndi Chisamba, makamaka kwa ana okulirapo. Njanji inafika kumeneko mu 1906 chifukwa cha mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, kumene mu 1921 anafukula chigaza cha munthu wamakedzana chimene mpaka lero chili ku London. Mkuyu waukulu wa pakati pa tauni ulipobe, ndipo popeza likulu ndi malo okonzera sitima zili komweko, mungapemphe m'kalata yomweyo ngati angalole ana kukaona. Chenjezo langa pa Kabwe ndi fumbi. Mgodi unatsekedwa mu 1994 koma mtovu unatsala m'dothi, makamaka m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo, ndipo umawononga ubongo wa ana aang'ono. Asakasewere pa milu ya mgodi, ndipo asambe m'manja asanadye. Za TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yochokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, imene inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975 pa nthawi ya a Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere, aphunzitseni pa mapu chaka chino. Ndi kampani ina, siteshoni yake ndi ina, kalata yakenso ndi ina, ndipo muyenera kuyamba mwafika ku Kapiri.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, kapena kumayambiriro kwa Seputembala sukulu zitangotsegulira. Mu Juni m'mawa pa siteshoni pamazizira kwambiri, ndiye majuzi ndi zitenje zisatsale. Okutobala mu bogi mumatentha ngati mu uvuni. Nyengo ya mvula ndimaipewa, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2023 ndi 2024 imene inachedwetsa kutsegulira sukulu. Madzi akumwa nyamulani anu, malita awiri pa munthu, ndi chigubu china cha madzi osamba m'manja, sopo ndi tishu. Chakudya chikhale chosaonongeka msanga: mazira owiritsa, mbatata, mtedza wokazinga, mabanzi, zitumbuwa, malalanje. Nyamulani cha maola amene akuuzani, muonjezepo cha maola ena anayi. Dalaivala wa minibasi mupangane naye za tsiku lonse, osati za ola, ndipo adziwiretu kuti sitima ikhoza kuchedwa, kuti asakutembenukireni madzulo n'kuyamba kufuna zoonjezera.

Pa kayang'aniridwe ka ana, mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambiwu umagwira bwino ntchito pamene aliyense akudziwa kuti wake ndi uti. Gawanani mayina musanakwere, wamkulu mmodzi ana awiri kapena atatu, ndipo ana a zaka 5 ndi 6 akhale ndi makolo awo enieni. Kholo limene silikupita lilembe kalata yololeza, ndi nambala ya foni, ndi matenda kapena mankhwala a mwanayo. Malamulo akhale ochepa kuti asaiwalike: mutu ndi mkono sizituluka pa windo, chifukwa nthambi ndi udzu wautali zimakwapula, palibe kuima pa khomo kapena polumikizira mabogi, kuchimbudzi amapita ndi wamkulu, ndipo sitima ikaima, palibe wotsika mpaka titafika kwathu kotsikira. Wamkulu mmodzi akhale pa mpando woyandikana ndi khomo lililonse. Zithunzi za siteshoni ndi za ulalo, yambani mwapempha kwa ogwira ntchito musanatulutse foni.

Mukabwerako, ana alembe kalata yothokoza, aikemo zojambula zawo, mukaipereke kwa amene anakuthandizani ku siteshoni. Kalata imeneyo ndi imene idzatsegule khomo la ulendo wa Livingstone chaka chamawa, ndipo pa ulendo umenewo mudzapemphe zipinda zogona m'sitima, osati mipando, ndi kupatula masiku atatu kapena anayi. Kumeneko kuli nyumba yosungiramo zakale za njanji, pa malo amene kale panali pokonzera sitima za Zambezi Sawmills zonyamula matabwa kuchokera ku Mulobezi, ndipo ana adzaona pafupi mitu ya sitima zakale zamalasha. Chingwe chija cha mamilimita 1,067 mudzachinyamule, mudzapemphe kuyeza pa njanji ya m'bwalo la nyumbayo. Ngati cholinga ndi mathithi, pitani mu Meyi kapena Juni madzi akadali ambiri. Pofika Okutobala ndi Novembala mbali yathu ya Zambia imatsala miyala ndi timadzi tochepa.